Phukusi la Eni, Mlandu Wathu

Mu February 1974, ku positi ofesi yaikulu ya mumzinda wa New York ku America, ofesala wina woona za katundu wolowa m'dziko ankasanthula thumba la makalata ochokera kunja. M'thumbamo anapezamo maenvulopu 8 ochokera ku Thailand. Onse anali otupa, ndipo makeyala ake ankaoneka kuti anatayipidwa pa makina amodzi, ngakhale kuti ankapita ku nyumba 4 zosiyana za m'dera la Washington. Ataika envulopu imodzi pasikelo, inalemera magalamu 42, kutanthauza kuti inaposa kalata wamba ya pandege katatu kapena kuposerapo. Anaitsegula. Pakati pa timakatoni panali kathumba ka pulasitiki ka ufa woyera, ndipo ufawo atauyeza unapezeka kuti ndi heroin. Maenvulopu enawo analinso ndi zomwezo.

Nkhani imeneyi inayenda mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, ndipo chigamulo chake chikugwirabe ntchito. Taibweretsa m'danga lino chifukwa masiku ano ndi mabanja owerengeka amene alibe wina kunja. Mwana ali ku Johannesburg, mlamu ali ku London, mnzathu wa kusukulu ali ku Dubai, ndipo maphukusi akuyenda uku ndi uku. Ambiri mwa maphukusiwa ndi a nsapato, mafoni ndi zovala za ana. Koma limodzi lokha likakhala ndi zina, amene amayamba kufunsidwa ndi uja dzina lake lalembedwa pamwamba, kapena uja wasayinira.

Tikamva kuti wina wamangidwa pa mlandu wotere, timatonthozana kuti achita apilo, choonadi chikadziwika kukhoti lalikulu. Milandu itatu imene tikambe pano ikusonyeza kuti apilo ndi khomo lopapatiza kwambiri. Mpata waukulu wodzitetezera umapezeka kale kwambiri, pa tsiku limene wina watipempha dzina lathu, keyala yathu kapena siginecha yathu.

Mlandu wa maenvulopu 8

Maenvulopu aja sanangolandidwa n'kuwotchedwa. Anatumizidwa ku Washington kwa apolisi olimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Kumeneko apolisiwo anatenga chilolezo cha khoti, anachotsa heroin yambiri, n'kumatanso maenvulopuwo bwinobwino. Maenvulopu 6 anakaperekedwa ku makeyala ake, apolisi akuzonda chapatali. Bambo wina anazungulira nyumba zitatu kutolera makalatawo, kenako anakumana ndi mnzake n'kumupatsira thumba la pepala. Onse awiri anagwidwa pomwepo. M'thumbamo munali makalata 6 aja, ndalama zokwana madola 1,100, ndi zinthu zosakaniza ndi heroin kuti ichuluke. Tione bwino apa kuti makalatawo sankapita kunyumba imodzi. Ankamwazidwa pa makeyala angapo, wina n'kudzatolera. Umu ndi mmene malonda amenewa amayendera mpaka lero.

Khoti loyamba linawapeza olakwa. Pochita apilo, maloya awo sanalimbane ndi zoti m'maenvulopumo munali heroin. Dandaulo lawo linali lakuti ofesala wa ku New York uja anatsegula makalata a anthu popanda chilolezo cha khoti, pamene malamulo oyendetsera dziko la America amateteza munthu ku chipikisheni chopanda chifukwa. Iwo anati umboni wopezeka mwa njira yotero suyenera kulandiridwa. Khoti la apilo la ku Washington linagwirizana nawo, ndipo linafafaniza chigamulo choyamba chija.

Boma nalo linachita apilo ku Supreme Court. Mu June 1977, majaji 6 mwa majaji 9 anagamula kuti ofesalayo sanalakwe. Jaji William Rehnquist, amene analemba chigamulocho, anakumbutsa kuti kuyambira mu 1789 malamulo a dzikolo amalola kuchita chipikisheni pa katundu wodutsa malire popanda chilolezo cha khoti, ndiponso kuti lamulo lina lochokera mu 1866 limalola ofesala kutsegula envulopu ngati ali ndi chifukwa chomveka choikayikira. Mfundo yake inali yakuti chinthu cholowa m'dziko n'chimodzimodzi, kaya chalowa m'chikwama cha wapaulendo kaya m'thumba la makalata. Chimene ofesala saloledwa popanda chilolezo ndi kuwerenga mawu a m'kalatamo. Jaji John Paul Stevens ndi anzake awiri, William Brennan ndi Thurgood Marshall, anatsutsa. Iwo anati mpaka mu 1971 makalata ankatsegulidwa mwini wake alipo ndiponso atavomera, ndipo nyumba ya malamulo sinalole kuti mwambo umenewo usinthe. Koma ambiri ndiwo anapambana.

Pali zinthu ziwiri zoti titolepo. Choyamba, phukusi lodutsa malire lilibe chinsinsi. Likhoza kutsegulidwa, ndipo zimene zapezekamo zidzalandiridwa kukhoti. Chachiwiri, kupambana pa apilo yoyamba si mapeto. Anthu amenewa anapambana pakati, n'kudzagonja pamapeto, patatha zaka zitatu chigwidwireni.

Phukusi likafika, si ndiye kuti ladutsa

Makalata a mayiko onse amayenda pansi pa mgwirizano wa bungwe la Universal Postal Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern, m'dziko la Switzerland. Mayiko 192 ali m'bungweli, ndipo malamulo ake amaletsa kutumiza mankhwala ozunguza bongo papositi. N'chifukwa chake potumiza katundu kunja timalemba kafomu kaja ka CN22 kapena CN23, kofotokoza zimene zili m'kati ndi mtengo wake. Wosayina kafomuko akulumbira kuti zimene walembazo n'zoona. Ngati phukusi analongedza ndi wina, ife n'kungosayina, ndiye kuti talumbirira zinthu zimene sitinazione.

Mu 1988, mayiko anapanga pangano lina ku Vienna, pansi pa bungwe la United Nations, lolimbana ndi malonda a mankhwalawa. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain onse ali m'panganoli. Gawo 19 la panganoli limanena za positi. Gawo 11 limalimbikitsa njira imene apolisi a ku Washington aja anagwiritsa ntchito: phukusi likadziwika, amalisiya lipitirize ulendo wake akulilondola, cholinga chili choona amene alilandire. Nthawi zina mankhwala amawachotsa n'kuikamo ufa wabodza.

Wobweretsa phukusi pakhomo akhozanso kukhala wapolisi. Pa mlandu wina umene Supreme Court ya ku America inagamula mu 1983, chamba chinabisidwa m'tebulo lathabwa lochokera ku Calcutta, m'dziko la India, ndipo chinadziwika pabwalo la ndege la ku Chicago. Apolisi anatsekanso bokosilo n'kukalipereka okha, akudzionetsa ngati anthu onyamula katundu. Choncho mawu oti "zafika bwinobwino, palibe vuto" asatipusitse. Phukusi likhoza kufika pakhomo chifukwa choti ladziwika kale.

Funso lalikulu: kodi ankadziwa?

Pa milandu yambiri ya mtundu umenewu, palibe amene amatsutsa zoti m'phukusi munali mankhwala. Mkangano umakhala pa mtima wa wolandirayo: kodi ankadziwa? Milandu iwiri ya ku Australia ikutithandiza kuona mbali zonse ziwiri za funsoli.

Woyamba ndi wa mu 1985. Bambo wina anatsika ndege ku Melbourne ali ndi chikwama chimene pansi pake panabisidwa heroin yoposa makilogalamu awiri. Iye anati sankadziwa. Ku Australia milandu ikuluikulu imagamulidwa ndi gulu la anthu wamba lotchedwa jury, ndipo jaji ndiye amalilangiza za malamulo. Jaji wa mlanduwu anauza gululo kuti boma silikufunika kutsimikiza zoti bamboyo ankadziwa, koma kuti iyeyo ndiye atsimikize kusadziwa kwake. Anamupeza wolakwa. Apilo itafika ku High Court of Australia, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, lomwe pa nthawiyo linkatsogoleredwa ndi jaji Harry Gibbs, majaji anati malangizo amenewo anali olakwika. Pa mlandu wa chilango chachikulu chotere, boma ndilo liyenera kutsimikiza kuti munthu ankadziwa zimene wanyamula. Iyi ndi apilo imene inapambana, ndipo inapambana chifukwa jaji woyamba analakwitsa lamulo.

Wachiwiri ndi wa mu 1988, ndipo ndi wa positi. Phukusi linatumizidwa kuchokera ku Bombay, mzinda wa ku India umene lero umatchedwa Mumbai, kupita ku nyumba ina ya m'chigawo cha New South Wales. M'phukusimo munali mipira ya masewero a cricket, ndipo m'kati mwa mipirayo munabisidwa utomoni wa chamba. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mayi wina wa panyumbapo analandira phukusilo. Apolisi atalowa analipeza lisanatsegulidwe n'komwe, komabe mayiyo anapezeka wolakwa.

Pa apilo, dandaulo linali pa zimene jaji anauza jury zokhudza munthu amene amatsinzina dala, osafuna kufunsa kuopa kumva choonadi. High Court, motsogoleredwa ndi jaji Anthony Mason, inanena zinthu zokomera wozengedwa mlandu. Inati funso ndi lakuti munthuyo ankadziwadi kapena ayi, osati zimene munthu wina wochenjera akanadziwa, ndipo ngati kudziwako kukuchokera pa zizindikiro chabe, pasakhale tanthauzo lina lomveka la zizindikirozo. Koma inawonjezera mfundo imene tiyenera kuisunga: zinthu zokayikitsa zikachuluka, munthu n'kusankha kusafunsa, khoti likhoza kuona kusafunsako ngati chizindikiro choti ankadziwa. Pempho la mayiyo linakanidwa, chigamulo chinakhala chomwecho.

Makolo athu ananena kale kuti safunsa anadya phula. Makhoti akuwonjezera kuti safunsa amakayikiridwa kuti phulalo ankalidziwa. Ndipo popeza khoti silingaone mumtima, limaona zooneka. Dzina la paphukusi ndi la ndani? Munthuyu analonjezedwa ndalama zingati pa ntchito yongolandira? Bwanji ankafunsafunsa pa intaneti pamene phukusi lafika ngati silinali lake? Anafufutiranji mauthenga a pafoni? Apolisi atabwera ananena chiyani, ndipo kodi zikufanana ndi zimene akunena lero? Chilichonse pachokha chikhoza kufotokozeka, koma zikaunjikana zimamanga munthu.

Tidziwenso kuti malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku England, munthu amene ankadziwa kuti akulowetsa katundu woletsedwa sangapulumuke ponena kuti ankayesa kuti ndi katundu wina woletsedwa osati mankhwala, ndipo chilango chachikulu pa heroin kapena cocaine ndi ndende moyo wonse. Ku Singapore, lamulo limayamba ndi kuganiza kuti wopezeka ndi mankhwala ankawadziwa, ndipo ndi iyeyo amene ayenera kutsimikiza kuti sankadziwa. Kumeneko heroin yeniyeni yoposa magalamu 15 ikhoza kuphetsa munthu mwa lamulo. Abale athu amene ali kunja amaweruzidwa ndi malamulo a kumene ali, osati a kwawo.

Zimene apilo ingathe ndi zimene singathe

Ambiri timaganiza kuti apilo ndi kuyambiranso mlandu pamaso pa jaji wamkulu. Kawirikawiri sizikhala choncho. Khoti la apilo limawerenga zolembedwa za khoti loyamba: zimene mboni zinanena, zimene maloya anatsutsa, ndi zifukwa za woweruza. Mboni siziitanidwanso. Pa nkhani yoti ndani ankanena zoona, majaji a apilo amalemekeza maganizo a amene anaona mbonizo maso ndi maso.

Chimene amafufuza ndi cholakwika chenicheni. Mwina woweruza anamasulira lamulo molakwika, monga pa mlandu wa 1985 uja. Mwina analandira umboni wosayenera, lomwe linali dandaulo la pa mlandu wa maenvulopu. Mwina boma silinasonyeze bwino kuti ufa umene unayezedwa ku labotale ndi womwe uja unapezeka m'phukusi, popeza katundu wotere amadutsa m'manja ambiri ndipo dzanja lililonse liyenera kulembedwa. Mwinanso umboni wonse pamodzi sunali wokwanira, kapena chilango chinapyola muyezo. Ndipo ngakhale cholakwika chipezeke, makhoti ambiri amafunsanso ngati chinasokonezadi chilungamo. Akaona kuti munthuyo akanapezekabe wolakwa, chigamulo sachisintha.

Umboni watsopano umalandiridwa movutikira. Ngati mauthenga a pafoni osonyeza kuti munthu ananamizidwa analipo pa nthawi ya mlandu koma sanaperekedwe, khoti la apilo lidzafunsa chifukwa chake, ndipo likhoza kuwakana. Munthu amene anavomera mlandu yekha, m'mayiko ambiri amangotsala ndi mwayi wodandaula za kukula kwa chilango. M'mayiko ena khoti la apilo lili ndi mphamvu yowonjezera chilango. Apilo ikapambana, nthawi zina munthu amamasulidwa, koma nthawi zina mlandu umangobwezedwa kuti uzengedwenso. Zonsezi zikuchitika, mwini wake nthawi zambiri amakhala ali m'ndende.

Palinso nkhani ya masiku. M'makhoti a boma lalikulu ku America, chidziwitso cha apilo chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 14. Ku England ndi masiku 28. Ku Malawi, mlandu wogamulidwa ndi majisitireti umapita ku High Court, ndipo kuchoka apo umapita ku Supreme Court of Appeal. Nakonso masiku operekera chidziwitso ndi owerengeka, kotero banja lifunse za masikuwo tsiku lomwelo la chigamulo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa womangidwa ufulu wokhala chete, woonana ndi loya, woonekera kukhoti pasanathe maola 48, wotengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, komanso wochita apilo. Amene sangathe kulipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Tanthauzo la zonsezi kwa banja ndi lakuti mphamvu zathu tiziike kumayambiriro. Loya afunidwe munthu asanalembetse mawu ake kupolisi, osati atalamulidwa kale. Mauthenga, malisiti ndi manambala a amene anatumiza phukusi zisungidwe monga zilili n'kuperekedwa kwa loya. Kufufuta kanthu, ngakhale chifukwa cha mantha chabe, kumaoneka ngati kubisa. Chigamulo chikaperekedwa, tipemphe chikalata chake. Ndipo tisamale ndi madobadoba amene amazungulira mabanja osweka mtima n'kumalonjeza kuti mlandu autha ndi ndalama. Ndalamazo zimapita, ndipo banja likhoza kudziwonjezera mlandu wa ziphuphu.

N'chifukwa chiyani zilango zake n'zowawa?

Tisaiwale kuti kumapeto kwa ulendo wa phukusi kuli munthu, mwana wa wina. Heroin imachedwetsa kupuma mpaka munthu kufa, ndipo obayira jakisoni mmodzi amapatsirana HIV ndi matenda a chiwindi. Masiku ano kuli fentanyl, mankhwala opangidwa m'labotale amene mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50. Mamiligalamu awiri okha akhoza kupha munthu. Chifukwa choti kochepa kamakwanira anthu ambiri, amabisika mosavuta mu envulopu. Ku America, anthu oposa 100,000 anafa ndi mankhwala ozunguza bongo mu 2021, ndipo mu 2022 zinalinso chimodzimodzi. Ambiri mwa iwo anafa ndi fentanyl ndi mankhwala ofanana naye. Mu 2018 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa STOP Act, lofuna kuti mbiri ya maphukusi ochokera kunja izitumizidwa pa kompyuta phukusilo lisanafike. Wolandira phukusi, ngakhale atalipidwa ndalama ya sopo yokha, ndi mphete imodzi ya unyolo umenewu, ndipo makhoti amamuona choncho.

Si onse ogwidwa amene amakhala ndi mtima woipa. Mankhwala ena opha ululu, monga tramadol ndi codeine, amaperekedwa ndi dokotala m'dziko lina koma kulowa nawo m'dziko lina popanda chilolezo ndi mlandu. Mu 2017, mayi wina wa ku Britain analamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu ku Egypt atapezeka ndi mapilitsi 290 a tramadol m'chikwama chake. Iye ankati ankapititsira wokondedwa wake wodwala msana. Masamba a khat, amene amatafunidwa momasuka m'mayiko ena a kum'mawa kwa Africa, analetsedwa ku Britain mu 2014. Ku Malawi, lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chilolezo. Silinalole munthu wamba kuchisunga kapena kuchitumiza. Tisanatumizire wodwala wathu mankhwala alionse kunja, tifunse kaye malamulo a kumene akupitako.

Lamulo la pakhomo

Vuto lathu lalikulu si umbuli, koma manyazi. Tinaleredwa kuti mnzako akakupempha umuthandize, ndipo kufunsa kuti "muli chiyani umu?" kumamveka ngati kumutenga munthu ngati wakuba. Opempha nawo sakhala achilendo. Amakhala msuweni, mnzathu wa kuntchito, woyandikana naye nyumba, ngakhale munthu amene timapemphera naye. Nthawi zina iyenso wangotumidwa ndipo sakudziwa kanthu. Koma kukhoti, mawu oti "ndinkamukhulupirira" amafotokoza chifukwa chimene tinalandirira. Sachotsa dzina lathu paphukusi.

Njira yopepuka ndi kukhala ndi lamulo la pakhomo, lodziwika kwa onse ndi logwira aliyense mofanana. Likakhala lamulo la nyumba, wopempha saona ngati tikukayikira iyeyo. Tikhoza kunena mwaulemu kuti, "Achimwene, pepani, pano tinagwirizana kuti keyala yathu sitibwereketsa." Kapena kuti, "Amalume, katunduyu ndinyamula, koma titsegule kaye tonse tikuona, ndiye mwambo wathu." Wa zolinga zabwino amatsegula. Amene wakwiya, kapena wayamba kunena kuti lamatidwa kale ndipo nthawi yatha, watiyankha funso lathu.

Lamulo limenelo likhale ndi mfundo zochepa zosavuta kukumbukira. Dzina lathu, keyala yathu, nambala ya foni ndi chitupa cha unzika sitibwereketsa kuti wina alandirire kapena atumizire katundu. Sitisayinira phukusi la dzina limene sitikulidziwa. Sitikatengera munthu katundu ku positi ofesi, ku kampani yonyamula maphukusi kapena ku depoti ya mabasi ochokera kunja, pokhapokha tikudziwa wotumiza, wolandira ndi zimene zili m'kati. Chimene tikutumiza kapena kunyamula timalongedza tokha, kapena chimalongedzedwa tikuona. Ndipo kuona kwake kukhale kwenikweni, pokumbukira kuti heroin ija inali pakati pa timakatoni, chamba chija m'kati mwa mipira ndi m'tebulo.

Ana ndi antchito a pakhomo alidziwe lamuloli, chifukwa masana ndiwo amatsegula chitseko. Achinyamata tiwachenjeze za ntchito zolengezedwa pa WhatsApp ndi Facebook zoti munthu azingolandira maphukusi n'kuwatumiza kwina, malipiro ake ochuluka kuposa thukuta lake. Funso lofunsa ndi losavuta: ngati katunduyu ndi wabwinobwino, mwini wake akulephereranji kulemba dzina lake? Akuluakulu nafenso tisadzione ochenjera. Amasiye ndi osungulumwa ambiri anyengedwa ndi chibwenzi cha pa intaneti chimene, patapita miyezi ya mawu okoma, chimapempha kuti alandire kamphatso kapena atumize kachikwama.

Nanga phukusi losayembekezeka likafika? Ngati wobweretsayo akadali pakhomo, tikane kulandira ndipo tisasayine. Ngati lasiyidwa kale, tisalibise, tisalitaye, tisalipereke kwa wina amene waimba foni kuti ndi lake, ndipo tisangolisunga n'kumadikira. Mlandu wa mipira ya cricket watiphunzitsa kuti kusatsegula pakokha sikuteteza. Tidziwitse apolisi kapena a positi ofesi nthawi yomweyo, pali mboni, ndipo tilembe tsiku, nthawi ndi dzina la amene tamuuza. Ngati latsegulidwa n'kupezamo ufa kapena mapilitsi osadziwika, tisalawe, tisanunkhize, tiike patali ndi ana, tisambe m'manja. Kukanena msanga ndi umboni wamphamvu wa munthu amene sankadziwa, ndipo ndi umboni umene sungapangidwe pambuyo pake.

Pomaliza, ngati m'banja mwathu kapena pakati pa anansi athu muli wina amene ali kale m'ndende pa mlandu wotere, tisamutaye, ndipo ana ake tisawaloze chala. Kaya analakwadi kaya ananamizidwa, akufunika womuyendera, womutsatira mapepala ake ndi womuwerengera masiku a apilo. Ufulu wa apilo ndi wamtengo wapatali, ndipo mlandu wa 1985 uja ukusonyeza kuti nthawi zina umawongola zimene zinapotoka. Koma umatenga zaka, umadya chuma cha banja, ndipo suyankha funso lina koma lakuti khoti loyamba linalakwitsa pati.

Funso lakuti "muli chiyani umu, ndipo ndi la ndani?" silitenga ngakhale mphindi imodzi. Sabata ino, pa chakudya chamadzulo, tiyeni tikhale pansi ndi a m'nyumba mwathu tigwirizane kuti tizilifunsa nthawi zonse, kwa aliyense, tisanatambasule dzanja.